Visa ya Ntchito ya ku South Africa Imatengedwa Kuno Musanakwere Basi

Mmalawi amene ali ndi pasipoti yabwinobwino amaloledwa kulowa m'dziko la South Africa popanda kupempheratu visa, ndipo pachipata amamudindira masiku osapitirira 30. Chidindo chimenechi ndi cha mlendo. Mukhoza kukaona abale, kukapikula katundu, kukakhala nawo pa ukwati kapena pamaliro, koma simuloledwa kulembedwa ntchito ngakhale ya tsiku limodzi. Amene akufuna kukagwira ntchito amayenera kukhala ndi chilolezo china, visa ya ntchito, ndipo chilolezochi chimapemphedwa ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe munthu asananyamuke.

Ambiri amanyamuka ndi mawu akuti, "Ndingolowa kaye, mapepala ndikakonza konko." Kale ena zinkawayendera, koma khomo limenelo linatsekedwa. Kuyambira mu 2014, malamulo a dzikolo salola munthu amene walowa ngati mlendo kuti asinthe chidindo chake kukhala visa ya ntchito ali momwemo, kupatula pa zifukwa zochepa kwambiri zapadera. Ngakhale mutapeza bwana wokufunani ndi mtima wonse ku Pretoria kapena ku Cape Town, ofesi ya Home Affairs idzakuuzani kuti mubwerere kwanu mukapemphere komweko. Pofika nthawi imeneyo masiku 30 aja amakhala atatha kalekale, ndipo kubwererako kumakhala ndi chilango chake.

Kwa ife zimenezi si zachilendo kwenikweni. Agogo athu amene ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ankalembedwa kuno, kupimidwa kuno, n'kusayina mgwirizano kuno. Dongosolo limenelo linaimitsidwa mu 1974 ndege yonyamula Amalawi ochokera ku migodi itagwa ku Francistown, linadzayambiranso pansi pa dzina la Theba, kenaka n'kutheratu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Kuchokera pamenepo aliyense amadziyendera yekha, ndipo ntchito ya mapepala imene inkagwiridwa ndi ofesi yolemba anthu ili m'manja mwa wopitayo ndi bwana wake.

Visa yake iti?

Visa ya ntchito si imodzi, ndipo kupempha yolakwika n'kutaya ndalama.

Yoyamba ndi Critical Skills Work Visa, ya anthu amene ali ndi luso limene dzikolo likulisowa. Boma la South Africa limatulutsa mndandanda wa ntchito zoterezi, ndipo limausintha nthawi ndi nthawi. Mumapezeka ntchito monga za mainjiniya, akatswiri a makompyuta, madokotala a ukatswiri wapadera ndi anamwino a magawo ena. Chofunika ndi chakuti ntchito yanu ipezeke pa mndandanda umene ukugwira ntchito panopa, osati umene mnzanu anagwiritsa ntchito zaka zisanu zapitazo. Visa imeneyi imaperekedwa mpaka zaka 5.

Yachiwiri ndi General Work Visa, ya amene wapatsidwa ntchito yosapezeka pa mndandanda uja. Nayonso imafika zaka 5, koma ndi yovuta kuipeza, chifukwa maganizo a lamuloli ndi akuti ntchito iyambe yapita kwa nzika za dzikolo. Kwa zaka zambiri bwana ankayenera kutsimikizira unduna wa zantchito kuti anafunafuna nzika yoyenera koma sanaipeze. Mu Okutobala 2024 boma linabweretsa njira yowerengera mapointi: wopempha afike mapointi 100, ndipo amawapeza kuchokera ku maphunziro ake, malipiro amene walonjezedwa, zaka zimene wagwira ntchitoyo, chilankhulo, komanso ngati kampaniyo ili m'gulu la olemba ntchito amene boma limawakhulupirira. Amene ntchito yake ili pa mndandanda wa maluso osowa amakhala atakwanitsa kale mapointi onsewo. Kwa enawo, mapointi a malipiro amayambira pa ndalama zoposa pang'ono R650,000 pachaka.

Yachitatu ndi ya munthu amene kampani yake ikumusamutsa kuchoka ku nthambi ya kuno kupita ku nthambi ya kumeneko, monga momwe mabanki ndi makampani a mafoni amachitira. Imatchedwa Intra-Company Transfer, ndipo simapitirira zaka 4. Palinso Corporate Visa, imene imapemphedwa ndi kampani yofuna kulemba anthu ambiri akunja nthawi imodzi, monga m'minda ikuluikulu ndi m'migodi. Kampaniyo ikaloledwa, wantchito aliyense amapemphabe chikalata chakechake.

Tsono tinene chilungamo, ngakhale chikuwawa. Ntchito zimene Amalawi ambiri amakagwira ku Joni, za m'nyumba, zosamala maluwa, zogulitsa m'sitolo, zothandiza amisiri omanga, sizingafike mapointi 100. Anzathu a ku Zimbabwe ndi ku Lesotho anapatsidwa mapemiti apadera ndi boma la South Africa, koma Amalawi alibe dongosolo lotero. Choncho munthu akakuuzani kuti akupezerani pemiti ya ntchito ya m'nyumba mukangomupatsa ndalama zakuti, dziwani kuti chimene akugulitsacho n'chabodza. Ndi bwino kumva zimenezi muli ku Mangochi kapena ku Mzimba kusiyana ndi kukazimva muli m'galimoto ya apolisi.

Mapepala a bwana, mapepala anu

Theka la mapepala a visa ya ntchito limachokera kwa wolemba ntchito. Iye ayenera kupereka mgwirizano wa ntchito wosayinidwa ndi mbali zonse ziwiri, wofotokoza ntchito yake, malipiro ndi nthawi yake. Ayenera kupereka umboni woti kampani yake inalembetsedwa mwalamulo. Ayeneranso kulemba kalata yolonjeza zinthu zingapo: kuti adzaonetsetsa kuti pasipoti yanu isathe mphamvu muli pantchito, kuti adzadziwitsa boma mukadzasiya ntchito kapena kusintha udindo, ndiponso kuti adzalipira ndalama zokubwezerani kwanu ngati patadzafunika kutero. Bwana amene akuzengereza kulemba zimenezi, n'kumangoti "bwera tidzaonera konkuno," sanakonzeke kukulembani mwalamulo.

Kumbali yanu, choyamba ndi pasipoti. Ikhale ndi masamba awiri osadindidwa, ndipo mphamvu yake ipitirire ndi masiku osachepera 30 kuchokera tsiku limene mukuyembekezeka kudzachoka m'dzikolo. Ngati yatsala pang'ono kutha, yambani mwapita ku Immigration kukatenga yatsopano, chifukwa visa singatalike kuposa pasipoti imene yamatidwamo.

Pamafunikanso kalata ya kupolisi yotsimikiza kuti mulibe mlandu. Amakudindani zala, ndipo kalatayo imatuluka kudzera ku likulu la apolisi ku Area 30. Ngati m'zaka zaposachedwa munakhalako m'dziko lina miyezi 12 kapena kuposerapo, dzikolo liperekenso kalata yake. Palinso fomu ya kuchipatala yodzazidwa ndi dokotala. Zikalata ziwirizi zimakhala ndi mphamvu kwa miyezi 6 yokha, choncho musathamangire kuzitenga zina zonse zisanalongosoke.

Chimene chimadya nthawi kwambiri ndi masatifiketi. Digiri kapena dipuloma ya kuno iyenera kuunikidwa ndi bungwe la South Africa loona za maphunziro, lotchedwa SAQA, kuti lione ngati ikufanana ndi ya kumeneko. Bungweli limafunsa kusukulu imene munaphunzira kuti itsimikize kuti satifiketiyo ndi yeniyeni, ndipo ngati kusukuluko sakuyankha, zonse zimaima. Ndi nzeru kupita nokha ku ofesi ya kaundula wa koleji yanu kukawadziwitsa kuti kubwera funso lotere. Amene ntchito yawo ili ndi bungwe loiyang'anira ayenera kulembetsanso kumeneko: namwino ku South African Nursing Council, dokotala ku HPCSA, injiniya ku ECSA. Tiyerekeze namwino wa ku Zomba amene chipatala china cha ku Durban chamulonjeza ntchito. Kalata ya chipatalacho payokha singamutengere visa. Ayambe ndi SAQA ndi bungwe la anamwino, zimene zingatenge miyezi, ndipo za kupolisi ndi za kuchipatala zibwere kumapeto.

Pali kanthu kamodzi kamene kamagwetsa Amalawi ambiri, ndipo ndi mayina. Munthu pa satifiketi ya MSCE analemba dzina la bambo ake, pa chiphaso cha unzika pali dzina la agogo kapena la mfunda, ku pasipoti anawonjezera dzina la ubatizo, ndipo mayi wokwatiwa mwina anatenga dzina la mwamuna wake. Kwathu kuno aliyense akudziwa kuti ndi munthu mmodzi yemweyo. Wogwira ntchito ku ofesi ya visa sakudziwani, amangoona anthu atatu osiyana. Yalani mapepala anu onse patebulo, muyerekeze chilembo ndi chilembo, tsiku lobadwa ndi tsiku lobadwa. Pamene pali kusiyana, kalumbireni kwa loya kapena kwa majisitireti kuti mayinawo ndi anu, ndipo mayi aphatikizepo chikalata cha ukwati.

Tsiku lokapereka

Fomu yake ndi DHA-1738, ndipo mumakapereka nokha, osati kutuma mlamu kapena dobadoba. Musanapite, funsani ku ofesi ya kazembeyo mndandanda wa zofunika umene ukugwira ntchito panthawiyo, mtengo wake, kolipirira, ndi masiku amene amalandira mafomu. Malamulowa amasinthasintha, ndipo safunsa anadya phula. Tengani mapepala enieni pamodzi ndi mafotokope otsimikizidwa, musunge fotokope ya chilichonse chimene mwapereka, ndipo musachoke opanda lisiti. Ndalama ya visa simabwezedwa ngakhale akukaneni. N'chifukwa chake si bwino kusiya ntchito yanu ya kuno, kugulitsa munda kapena kutenga katapila wa tikiti yankho lisanatuluke.

Akakufunsani mafunso, yankhani zoona. Ngati munapitirirapo masiku ku South Africa, nenani, chifukwa zili kale mu kompyuta yawo, ndipo bodza likagwidwa limawononga kuposa mlandu weniweniwo.

Visa ikatuluka, musangosangalala n'kuika pasipoti m'thumba. Werengani chimene amata chija muli pomwepo. Onani ngati dzina lanu ndi nambala ya pasipoti zalembedwa bwino, onani tsiku loyambira ndi lothera, dzina la kampani ndi udindo wanu. Cholakwika chimakonzeka mosavuta ku Lilongwe kusiyana ndi pa Beitbridge usiku, basi ikukudikirani.

Akakukanani, ayenera kukupatsani chifukwa chake m'kalata, ndipo muli ndi ufulu wochita apilo kwa mkulu wa Home Affairs pasanathe masiku 10 a ntchito. Akakananso, mukhoza kupita kwa nduna, m'masiku 10 enanso a ntchito. Koma ngati chifukwa chake ndi pepala limene linasowa, nthawi zina kupemphanso mwatsopano ndi mapepala okwanira kumafulumira kuposa apilo.

Akazi kapena amuna anu ndi ana saphatikizidwa pa visa yanu. Aliyense amapempha yake. Mnzanu wa pabanja amapatsidwa chilolezo chokuperekezani, chimene sichimulola kugwira ntchito, ndipo mwana wopita kusukulu amafunika visa ya maphunziro. Konzeranitu zikalata za kubadwa kwa ana ndi cha ukwati.

Mtengo wa njira zachidule

Amene wapitirira masiku amene anadindiridwa amagwidwa potuluka. Ngati wapitirira ndi masiku osaposa 30, amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi. Akabwereza mkati mwa miyezi 24, zimakhala zaka 2. Akapitirira ndi masiku oposa 30, chiletso chake ndi zaka 5. Kale anthu ankangolipira chindapusa n'kudutsa, koma panopa ndi chiletso basi. Amene anachedwa pa chifukwa chomveka, monga kugonekedwa m'chipatala, akhoza kulembera Home Affairs kupempha kuti chiletsocho chichotsedwe, ataphatikiza umboni.

Taganizirani mnyamata wodziwa kuwotcherera zitsulo amene achimwene ake amuitana. Walowa ndi masiku 30, wagwira ntchito chaka chathunthu mozemba, ndipo bwana wake wamukonda mpaka akufuna kumulemba mwalamulo. Kuti apemphe visa ayenera kubwerera ku Malawi, koma akangofika pachipata amudinda zaka 5. Mwayi umene anaufunafuna wapezeka, koma iye sangathenso kuulandira.

Ena pofuna kuzemba zimenezi amapatsa pasipoti madalaivala kuti akaidinditse kumalire ngati kuti mwini wake anatuluka n'kulowanso. Ena amagula pemiti yomata kwa anthu a m'misewu. Izi n'zoopsa kuposa kupitirira masiku, chifukwa wopezeka ndi visa kapena chidindo chachinyengo amaikidwa m'gulu la anthu oletsedwa kulowa m'dzikolo, ndipo chiletso chimenechi sichikhala ndi tsiku lothera. Enanso amatenga mapepala a othawa kwawo, koma mapepala amenewo ndi a anthu othawa nkhondo kapena chizunzo. Umphawi, ngakhale ndi wowawa, lamulo siliuwerengera ngati chifukwa. Wogwidwa alibe mapepala akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa, ndipo ambiri amasungidwa ku Lindela, kufupi ndi Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kwawo, katundu yense amene anavutikira atatsala m'chipinda cha lendi.

Mukafika: zimene visa imalola ndi zimene simalola

Visa ya ntchito imakumangirirani kwa bwana amene walembedwapo ndi ntchito imene yalembedwapo. Mukapeza kwina kolipira bwino, simungangosamuka. Muyenera kupempha kuti chilolezo chisinthidwe, ndipo popeza munalowa ndi visa ya ntchito, izi mukhoza kuchita muli m'dziko momwemo. Ntchito ikatha, maziko a visa yanu atha, ngakhale tsiku lolembedwa m'pasipoti lisanafike. Pofuna kuwonjezera nthawi, pemphani kutatsala masiku osachepera 60 kuti ithe.

Lamulo lomangirira wantchito kwa bwana wake silili ku South Africa kokha. Mu Novembala 2023 achinyamata oposa 200 a ku Malawi anapita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ndipo mu Meyi 2024 Amalawi 12 anabwezedwa atachoka m'mindamo n'kukagwira ntchito kwina. Visa yawo inali ya kumunda, ndipo kuchoka kumundako kunali kuphwanya visayo.

Koma kumangiriridwa kwa bwana sikutanthauza ukapolo. Malamulo a ntchito a South Africa amateteza aliyense wogwira ntchito, nzika kapena mlendo. Muyenera kulandira malipiro osachepera mlingo umene boma linakhazikitsa, ndipo izi zikukhudzanso antchito a m'nyumba ndi a m'minda. Muli ndi ufulu wa tchuthi, wa malipiro a maola owonjezera, ndi wa pepala losonyeza mmene malipiro anu awerengedwera. Mukachotsedwa ntchito mopanda chilungamo, kadandauleni ku bungwe loona za mikangano ya pantchito lotchedwa CCMA pasanathe masiku 30, ndipo simulipira kanthu. Khoti la zantchito la dzikolo linagamula mu 2008 kuti ngakhale munthu amene chilolezo chake chinatha ndi wantchito ndithu, ndipo akhoza kudandaula. Abale athu amene ali kale kumeneko opanda mapepala adziwe zimenezi, chifukwa mabwana ena amawadyera masuku pamutu podziwa kuti amaopa kukanena.

Pasipoti yanu musapereke kwa bwana kuti akusungireni. Akafuna, mupatseni fotokope. Ijambuleninso pa foni, masamba a chithunzi ndi a visa, mutumize kwa m'bale wodalirika kumudzi. Dziwaninso kumene kuli ofesi za dziko lathu: ya kazembe ku Pretoria ndi ina ku Johannesburg. Ndi kumene mungathawire pasipoti ikatayika kapena zinthu zikavuta.

Opita kwina

Mayiko ena ali ndi njira zawo, koma mfundo ndi yomweyi. Wopita ku Britain amadzaza fomu pa intaneti ali kuno, amakajambulidwa ndi kudindidwa zala, ndipo amapimidwa TB ku chipatala chovomerezeka. Ayenera kukhala ndi nambala yochokera kwa bwana amene ali ndi chilolezo cholemba anthu akunja, ndipo mndandanda wa mabwana oterewa boma la Britain limauika poyera pa intaneti, moti aliyense akhoza kufufuza. Njira ya osamalira okalamba, imene inatenga anthu ambiri zaka zapitazi, inatsekedwa kwa opempha ali kunja mu Julaye 2025. Amene akukugulitsani malo a ntchito imeneyo lero akukuberani.

Za mayiko a Aluya m'pofunika kusamala koposa. Amayi ambiri a ku Malawi anatengedwa kupita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, koma atafika analandidwa mapasipoti n'kutsekeredwa m'nyumba za anthu, osatha kuchoka popanda chilolezo cha bwana. Nkhani zawo zinamveka dziko lonse. Zizindikiro zake zimafanana: wokulembaniyo mumangolankhula naye pa WhatsApp kapena Facebook, alibe ofesi, akufuna ndalama pa foni msangamsanga, mgwirizano akuti mudzasayina mukafika, visa ndi ya mlendo, ndipo akukuuzani kuti pabwalo la ndege munene kuti mukukaona abale. Kunyenga munthu motero n'kumupititsa kunja kukamugwiritsa ntchito mwankhanza ndi mlandu waukulu pansi pa lamulo la Malawi la 2015 loletsa kuzembetsa anthu, ndipo muli ndi ufulu wokanena kupolisi.

Musanapereke ndalama kwa aliyense wolonjeza ntchito ya kunja, pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu mukafunse ngati wolembayo ndi wodziwika. Itanitsani mgwirizano wolembedwa, muuwerenge ndi munthu wodziwa Chingerezi bwino, muone malipiro, zodulidwa za nyumba ndi chakudya, ndi amene adzalipire ulendo wobwerera. Kenaka pitani nokha ku ofesi ya kazembe wa dziko limene mukufuna kupitalo. Ngati m'pasipoti mwanu mulibe visa yolembedwa kuti mukuloledwa kugwira ntchito, ulendowo uyambe wadikira.